ZA MILANDU YA BANJA: IWERUZIDWE POYERA KAPENA M'TSERI?

Phunziro la mwezi uno, loti liwerengedwe pamodzi m'midzi

Mwa milandu yonse imene anthu atengerana ku bwalo, palibe yowawa koposa ya m'banja. Mlandu wa mbuzi yodya chimanga cha mwini utha ndi kulipa, ndipo m'mawa mwache anthu alonjerananso panjira. Koma mlandu wa mwamuna ndi mkazi amene alekana, kapena wa mwana amene anthu awiri amlimbirana, usiya chipsera cha moyo wonse. Pa milandu yotere pali funso limene labvuta anzeru a maiko ambiri, ndilo ili: kodi aiweruze poyera, kuti ali yense amve, kapena m'tseri, kuti manyazi a banja asaululike?

Mwezi uno tiphunzira umo dziko la England ndi Wales linabvutikira nalo funso ili zaka zoposa 100, kufikira linapeza njira yache m'chaka cha 2025. Tasankha dzikolo popeza linalakwa mbali zonse ziwiri, nililemba kulakwa kwache, kotero kuti wofuna kuphunzira akhoza kuphunzirapo. Ndiponso malamulo a mabwalo a Boma kuno kwathu anachokera komweko, pakuti m'chaka cha 1902 anaika Bwalo Lalikuru m'dziko muno, nalamula kuti litsate malamulo a ku England. Ndipo lero alipo abale athu okhala kumeneko, amene ana ao ali pansi pa mabwalo omwewo.

1. Mphamvu ya bwalo la banja

Tiyambe ndi kuzindikira chimene bwalo lotere lichita. Ku England milandu ya ana iri ya mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa makolo okha-okha: alekana, ndipo sagwirizana za amene adzakhala ndi ana, kapena za masiku amene winayo adzawaona. Mtundu wachiwiri ndi wa Boma ndi makolo. Khonsolo ya dera liri lonse iri ndi anchito oyang'anira ubwino wa ana. Amenewa akaona kuti mwana azunzika, kapena asiyidwa wosasamalika, asumira makolo ache, napempha woweruza kuti amchotse pakhomopo. Woweruza akhoza kulamula kuti mwanayo aleredwe ndi mbale wina, kapena ndi anthu achilendo kwa nthawi; akhozanso kumpereka kwa banja lina, akhale mwana wao ku nthawi zonse, angakhale atate wache ndi amache akana. Chiweruzo chotsirizachi chikachitika, pamaso pa lamulo wombalayo salinso kholo lache, ndipo kuchibweza nkobvuta koposa.

Onjezani ichi, kuti pa mlandu wa wakupha kapena wakuba afuna umboni wochotsa chikaiko chonse, koma pa mlandu wa banja chikwanira woweruza akaona kuti chonenedwacho chilemera ku mbali ya choona koposa ku mbali ya bodza. Chifukwa chache Sir James Munby, amene anali mkuru wa oweruza onse a milandu ya banja, ananena m'chaka cha 2013 kuti chilekere dzikolo kupha opalamula, ziweruzo zochotsa mwana kwa makolo ache ziri pakati pa zoopsa koposa zimene woweruza ali yense aloledwa kupereka. Mphamvu yotere iyenera kukhala ndi maso oipenya. Koma maso omwewo akapenya woweruza apenyanso mwana, ndipo bvuto lonse lagona pamenepo.

2. Mlandu wa chaka cha 1913

Kale lomwe lamulo la ku England linali lakuti khomo la bwalo likhale lotseguka. Limene linakhazikitsa ichi kolimba ndilo mlandu wa banja lina lochedwa Scott. Mkazi anapempha bwalo kuti lithetse ukwati wache, popeza mwamunayo sanakhoza kukwaniritsa za ukwati. Nkhani inali yamanyazi, ndipo anaumva mlandu atatseka chitseko, mkaziyo napambana. Pambuyo pache, pofuna kutsuka mbiri yache, anatenga zolembedwa za m'bwalomo, nazitumiza kwa apongozi ache aamuna, ndi kwa mlamu wache wamkazi, ndi kwa munthu wina wachitatu. Mwamuna anamsumira kuti wanyoza bwalo poulula za m'tseri, ndipo woweruza anamtsutsa mkaziyo.

Iye sanaleka, koma anakwera nao mlandu kufikira ku House of Lords, ndilo bwalo loposa onse la masiku amenewo. M'chaka cha 1913 akuru a kumeneko, motsogozedwa ndi Viscount Haldane, anammasula, nati woweruza woyamba analibe mphamvu yotseka chitseko, pakuti manyazi okha sali chifukwa chokwanira chobisira mlandu. Mmodzi wa iwo, Lord Shaw, anakumbutsa chiphunzitso cha Jeremy Bentham, wanzeru amene anamwalira m'chaka cha 1832, chakuti anthu akamapenya, woweruza yemwe ali pa mlandu nthawi yomweyo imene aweruza ena.

Zifukwa zache inu a kumudzi muzidziwa, pakuti mwakhala pansi pa mtengo wa bwalo. Mboni iopa kunama pamene anansi ache odziwa choona ali pomwepo. Woweruza aopa kukondera pamene khamu limva mau ache onse. Ndipo wogonja pa mlandu, angakhale umwawa mtima, sakhoza kunena kuti anampangira chiwembu usiku.

Koma akuru aja anapatula milandu yowerengeka imene ikhoza kumveka m'tseri, ndipo mwa iyo munali ya ana amene bwalo liwayang'anira monga kholo, ndi ya odwala misala. Anati pamenepo bwalo likhala ngati mlezi wa munthu wosakhoza kudzisamala, ndipo mlezi saulutsa za wolera wache.

Walira mvula walira matope. Popeza milandu yolekana ukwati inali poyera, manyuzipepala anayamba kusindikiza zonyansa zonse zonenedwa m'bwalo, kuti agulitse malonda ao. Mfumu George V inanyansidwa nazo, nidandaula kwa nduna zache. Ndipo m'chaka cha 1926 anapanga lamulo lakuti pa milandu yotere alembe maina, ndi chifukwa cha mlandu mwachidule, ndi mfundo za lamulo, ndi chiweruzo, koma umboni wonse asalembe.

3. Chifukwa chimene anatsekera chitseko pa milandu ya ana

Kampata kakang'ono kamene anasiya m'chaka cha 1913 kanakula m'kupita kwa zaka. Lamulo la 1960 linati wofalitsa za mlandu wa mwana umene unamveka m'tseri wanyoza bwalo, ndipo wonyoza bwalo akhoza kukhala m'ndende kufikira zaka 2. Lamulo la ana la 1989, limene linati ubwino wa mwana uposa zonse pa chiweruzo, linaletsanso kufalitsa kanthu kali konse kozindikiritsa mwana amene mlandu wache uli m'bwalo.

Tisafulumire kutsutsa amene anapanga malamulo awa, pakuti zifukwa zao zinali zabwino. Mwamuna ndi mkazi adza ku bwalo ndi miyendo yao, koma mwana sanasankha kukhala pa mlandu. Pomenyana njobvu udzu ndiwo ubvutika. Mu milandu yotere atchula zobisika zonse za pakhomo: kuledzera kwa atate, nthenda ya amai, zipsera za pathupi pa mwana, ngakhale zonyansa zimene wachibale anamchitira. Zimenezi zikamveka ku sukulu, anzache amseka, ndipo manyazi a akuru asenza ndi iye wosalakwa. Masiku ano chinthu chikalembedwa pa intaneti sichifafanizika, kotero kuti mwanayo akhoza kuchipeza atakula, pofuna nchito kapena ukwati.

Anafunsanso ana eni ache. M'chaka cha 2010 Dr Julia Brophy anafalitsa zimene anapeza pocheza ndi ana amene anapyola m'milandu yotere. Ndipo ambiri anati akadziwa kuti wolemba nkhani adzakhala m'bwalo, sadzanena zonse zimene zinawachitikira. Ichi ncholemera, pakuti mwana akatseka pakamwa, woweruza aweruza mu mdima, ndipo akhoza kumbwezera kwa womzunza.

4. Zipatso za mdima

Koma chitseko chimene chinabisa mwana chinabisanso akuru onse ogwira nchito pa mlandu wache. Woweruza akalakwa, dotolo akapereka umboni wopotoka, wanchito wa khonsolo akalemba zosaona, panalibe wakunja wozindikira. Ndipo kholo lofuna kulirira poyera linaopa ndende.

Chitsanzo choyamba ndi ichi. M'chaka cha 1999 anazenga mlandu mai wina amene makanda ache awiri anamwalira mwadzidzidzi. Dotolo wa ana womveka, Sir Roy Meadow, anauza bwalo kuti m'banja longa limenelo imfa ziwiri zotere zingachitike zokha kamodzi mwa 73 miliyoni. Ndipo maiyo anammanga kuti anapha ana ache. Popeza unali mlandu wakupha, unamveka poyera, ndipo akatswiri a masamu anawerenga mau a dotoloyo, nalengeza m'chaka cha 2001 kuti chiwerengerocho chinalibe maziko. Kunapezekanso kuti dotolo wina amene anapima mtembo sanaulula kuti m'thupi la mwana mmodzi munali tizilombo ta nthenda. Maiyo anamasulidwa mu Januwale 2003, atakhala m'ndende zaka zoposa 3. Pamenepo anthu anafunsa, nati, Ngati umboni wolakwa unazindikirika chifukwa unanenedwa poyera, nanga umboni wa madotolo umene unanenedwa m'mabwalo a banja otseka, udzayesedwa ndi yani?

Chitsanzo chachiwiri ndi cha banja lina la ku Norfolk. Mwana wao mmodzi anapezeka ndi mafupa othyoka, madotolo nati wachita kubvulazidwa. M'chaka cha 2004 bwalo linachotsa ana onse atatu, ndipo anaperekedwa kwa mabanja ena. Pokhala ndi pakati pa mwana wachinai, makolowo anathawira ku Ireland. Atabwera, woweruza analola m'chaka cha 2006 kuti olemba nkhani alowe m'bwalo, ndi kuti makolo anene poyera. Madotolo ena anapendanso, napeza kuti mafupawo ayenera kuti anathyoka ndi nthenda imene idza posowa vitamini C, popeza mwanayo anali wobvuta kudya, namwa mkaka wa soya pafupifupi wokha. Mwana wachinai anakhala ndi makolo ache. Koma popempha atatu aja, Bwalo la Apilo linati m'chaka cha 2009, kungakhale kuti chosalungama chinachitika, ana akhazikika kwa makolo atsopano zaka zambiri, ndipo sakhoza kubwezedwa. Choona chinafika, koma chinafika mochedwa.

Kulakwa sikunali kwa mbali imodzi yokha yochotsa ana kwa makolo osalakwa. M'chaka cha 2020 gulu limene Unduna wa Zachilungamo unaika linapeza kuti kawiri-kawiri mabwalo anapeputsa madandaulo a nkhanza za m'banja, nakakamiza ana kukaonana ndi kholo lowaopsa. Izinso zinakhalitsa chifukwa owona anali ochepa.

Mdima unapwetekanso anchito okhulupirika. Oweruza ambiri ndi anchito a khonsolo ambiri anagwira nchito yao bwino, napulumutsa ana ku imfa; koma popeza anthu sanaona, anakhulupirira mphekesera, natcha mabwalowo achinsinsi, ndi anchitowo akuba ana. Ndipo onenedwawo sanakhoza kuyankha, pakuti lamulo lomwe lija linawatseka pakamwa.

5. Kutsegula chitseko pang'ono-pang'ono

Mu Epulo 2009 analola olemba nkhani ozindikirika kulowa m'mabwalo a banja. Koma lamulo la 1960 linakhalabe, kotero kuti analoledwa kumva, osaloledwa kulemba zimene amva. Ndipo munthu sapita kumunda kumene sadzakolola. Ochepa okha anadza. M'chaka cha 2014 Sir James Munby analangiza oweruza kuti azifalitsa ziweruzo zao atachotsamo maina a ana ndi a makolo. Ena anatero, koma ambiri nchito inawachulukira.

Mu Okutobala 2021 Sir Andrew McFarlane, amene analowa m'malo mwache, anafalitsa zimene anapeza atamva mbali zonse. Anati zinthu ziwiri ziyenera kusungika pamodzi, ndizo chikhulupiriro cha anthu pa bwalo ndi chinsinsi cha mwana, ndipo sikuyenera kutaya china pofuna chinzache. Anapempha kuti woweruza ali yense afalitse chiweruzo chimodzi mwa khumi, ndi kuti olemba nkhani aloledwe kulemba. Sanathamanga ai. Pa 30 Januwale 2023 anayesa njira yatsopano m'mabwalo atatu okha, a ku Cardiff, ku Leeds ndi ku Carlisle. Mu Januwale 2024 anaonjeza mabwalo ena 16. Ataona kuti yayenda bwino, kuyambira pa 27 Januwale 2025 anaifikitsa ku mabwalo onse a banja a ku England ndi Wales.

Njirayo iyenda motere. Wolemba nkhani akafika, woweruza apereka chikalata chonena zimene aloledwa ndi zimene aletsedwa. Aloledwa kulemba zimene aona ndi kumva, kuwerenga ena mwa makalata a mlandu, ndi kucheza ndi makolo ofuna kulankhula naye. Aloledwa kutchula woweruza, maloya, khonsolo ya deralo, ndi akatswiri amene bwalo linawaitana. Aletsedwa kutchula dzina la mwana, tsiku lache lobadwa, kumene akhala, sukulu yache, maina a makolo ache, kapena kuonetsa chithunzi chache. Woweruza akhoza kukaniza kulemba pakakhala chifukwa cholimba, koma ayenera kuchinena chifukwacho. Khamu la anthu wamba sililowa. Wolemba nkhani akhala ngati maso ao ndi makutu ao.

Zindikirani bwino chimene anachita. Kale anayesa kuti mlandu ndi chinthu chimodzi, choti chibisike chonse kapena chioneke chonse. Tsopano anaupatula pawiri: dzina ndi nkhope ya mwana zibisika, koma nchito ya akuru oweruza za moyo wache ionekera.

6. Dzina la woweruza

Njira iyi inayesedwa msanga pa mlandu womvetsa chisoni. Mu Ogasiti 2023 mtsikana wa zaka 10 anapezeka wakufa m'nyumba ku Woking, ndipo mu Disembala 2024 atate wache ndi mkazi wao anatsutsidwa kuti anamupha atamzunza nthawi yaitali. Kunadziwika kuti za mwanayu zinafika ku bwalo la banja kangapo chibadwire chache, ndi kuti m'chaka cha 2019 bwalo linabvomera kuti akhale kwa atatewo. Olemba nkhani anapempha makalata a milandu yakaleyo, napatsidwa. Koma woweruza wa Bwalo Lalikuru analetsa kutchula maina a oweruza amene anaiweruza, poopa kuti anthu okwiya angawachite choipa.

Olemba nkhani anachita apilo, ndipo pa 24 Januwale 2025 Bwalo la Apilo, motsogozedwa ndi Sir Geoffrey Vos, linachotsa chiletsocho. Linati woweruza agwira nchito ya dziko, ndipo aigwira m'dzina lache poyera. Ngati pali choopsa, Boma limteteze ndi njira zina, osati pobisa dzina. Linapatsa sabata imodzi yokonzera chitetezo, ndipo itatha, maina a oweruza atatu anatchulidwa. Akuru athu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wolandira mpando woweruzira ana a eni alandire pamodzi nao kufunsidwa za chiweruzo chache. Kutchula dzina sikutanthauza kuti woweruzayo analakwa, pakuti aweruza monga mwa umboni umene anampatsa. Koma popanda dzina ndi zifukwa zache palibe wokhoza kupenda ngati umboniwo unali wokwanira.

7. Zobvuta zotsala

Musayese kuti zonse zatha. Choyamba, kuchotsa dzina sikukwanira nthawi zonse. Akalemba kuti mwanayo ali wa mtundu wakuti, ali ndi abale angapo, ndipo atate wache agwira nchito yakuti m'kamudzi kakuti, mnansi alumikiza zidutswazo, namzindikira. Ndipo achinyamata amene anapemphedwa kuwerenga ziweruzo zofalitsidwa anachenjeza za ichi. Chifukwa chache kukonza chiweruzo kuti chifalitsidwe ndi nchito yofuna nthawi ndi kusamala. Chachiwiri, milandu ndi yambiri, olemba nkhani ndi ochepa, ndipo m'mabwalo ambiri mpando wao ukhala wopanda munthu. Chachitatu, wolemba nkhani wofuna zokometsa malonda akhoza kulemba mbali imodzi yokha. Kutsegula chitseko kupatsa mpata woona kulakwa, koma wokonza kulakwako afunikabe.

8. Chimene titengapo ife

Kwathu kuno mlandu wa banja uyamba kwa ankhoswe, m'nyumba. Ukakanika upita kwa nyakwawa kapena kwa mfumu. Kwa Akristu ufikanso kwa akuru a mpingo. Ndipo wosatheka konse upita kwa majisitireti. Makolo athu anadziwa kale mbali zonse ziwiri, pakuti za kuchipinda anazinena kwa ankhoswe ndi anamkungwi okha, koma kusudzula ndi kugawa chuma anachita anthu akuona. Boma lathu nalonso, m'lamulo la ana la 2010, linaika mabwalo a ana, nililetsa kuulutsa dzina la mwana, kwao, kapena sukulu yache. Koma m'mudzi dzina silibisika, pakuti tonse tidziwana; chifukwa chache chimene Azungu achita ndi chikalata, ife tiyenera kuchichita ndi mwambo ndi kusunga pakamwa. Nazi mfundo zisanu ndi imodzi.

Yoyamba: mlandu wa banja usaweruzidwe ndi munthu mmodzi, kapena usiku, kapena mbali ina palibe. Mutu umodzi susenza denga. Mwamuna adze ndi ankhoswe ache, mkazi adze ndi ache, ndipo ali yense amve ndi makutu ache chimene amnenera.

Yachiwiri: oweruza adziwike. Amene ali mbale wa mbali imodzi, kapena walandira nkhuku kwa mmodzi wa iwo, anene poyera, napatuke. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo mlandu wa munthu womveka ndiwo ufuna mboni zambiri koposa.

Yachitatu: chiweruzo chinenedwe pamodzi ndi zifukwa zache, ndipo chilembedwe m'buku, ndi tsiku lache, ndi maina a amene analipo. Mlandu suola; zaka zikapita ana adzafunsa chifukwa chimene anakulira kwa atsibweni ao, kapena munda wa amai ao unapita bwanji, ndipo buku lidzayankha.

Yachinai: mwana asaimikidwe pakati pa bwalo kuti anenere atate wache kapena amache. Amve mau ache anthu awiri okhulupirika pa malo a phee, ndipo abweretse kwa oweruza chokhacho chofunika pa mlandu. Ana ena asakhale pomwepo akumva.

Yachisanu: chinsinsi cha banja chisasanduke chofunda cha wochimwa. Mwana akagwiriridwa, kapena mkazi akamenyedwa kufikira kubvulala, umenewo suli mlandu wotha ndi mbuzi kuseri kwa nyumba. Upite ku polisi ndi ku chipatala. Momwemonso chuma cha masiye chisagawidwe m'kachipinda ndi abale a mwamuna okha, wamasiye ali kulira panja, pakuti lamulo la 2011 linayesa kulanda chuma cha masiye mlandu wolangidwa nao. Wonena kuti za m'banja siziululidwa, mumfunse kuti chinsinsicho chiteteza yani, mwana kapena wamkuru.

Yachisanu ndi chimodzi iri kwa ife omvera. Waloledwa kukhala pa mlandu wa banja waloledwa kuti akhale mboni yakuti unaweruzidwa kolungama. Akaona kukondera anene kwa akuru, osaopa. Koma zamanyazi zimene wamva asapite nazo ku chitsime, kapena ku mtondo, kapena ku mowa, kapena pa foni. Ndipo wogonja auzidwe kumene akhoza kukadandaula, pakuti bwalo lolungama siliopa kuti lina lipendenso nchito yache.

Abale, dziko la England linataya zaka zambiri, ndipo mabanja ena anataya ana ao, lisanaphunzire kupatula choyenera kubisika ndi choyenera kuoneka. Ife tamva mbiri yao popanda kulipa mtengo umene iwo analipa. Inu ankhoswe, inu mafumu, inu akuru a mpingo, mukakhalanso pa mlandu wa banja, yambani mwagwirizana za ziwirizi: amene ayenera kuona nchito yanu, ndi umo mudzatetezera mwana.

Mafunso okambirana

1. Mlandu wa 1913 unakhazikitsa chiani, ndipo unapatula milandu iti?

2. Tchulani zifukwa ziwiri zimene anatsekera milandu ya ana, ndi zoipa ziwiri zimene zinatsata.

3. Pa njira ya 2025, wolemba nkhani aloledwa kutchula ayani, ndipo aletsedwa kutchula ayani? Chifukwa ninji?

4. Kodi Bwalo la Apilo linachita bwino potchula oweruza a mlandu wa ku Woking? Mukadakhala inu woweruzayo, mukadati bwanji?

5. M'mudzi mwanu, ndi milandu iti ya banja imene ibisika koma iyenera kuoneka, ndipo ndi iti imene ifala koma iyenera kusungika?